Achemwali a ku Matawale akufunsa: ndisiye kulipira city rate?

Imelo iyi yandipeza sabata yathayi ndipo yakana kuchoka m'mutu. Alemba ndi achemwali ena a ku Matawale mumzinda wa Zomba, amuna awo anamwalira n'kuwasiyira nyumba, pano alandira bilu ya city rate, msonkho wa malo ndi nyumba wopita ku khonsolo ya mzinda, yokhala ndi ngongole ya m'mbuyo. Funso lawo ndi lakuti, "Ndilipirirenji pomwe zinyalala ndimakwirira ndekha kuseri, msewu wakwathu dzinja lililonse madzi amaukumba? Ndingosiya kodi?"

Achemwali, pepani ndi zovutazo, ndipo mkwiyo wanuwo ndi woona, sindikuchepetsa ayi. Koma musasiye kulipira, ndipo ndiloleni ndiyambire patali pang'ono chifukwa nkhani ya msonkho wa khonsolo ine imandikhudza kuyambira ndili mwana.

Mayi anga ankagulitsa matemba a ku Chilwa, ankakapikula ku Kachulu n'kumagulitsa pamsika wina, dzina lake sinditchula. Ine ndikaweruka kusukulu kapena Loweruka ndinkakhala nawo pabenchi kuthamangitsa ntchentche komanso kukonza timilu. Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi kamfundo ka pansonga ya chitenje chawo. Ndalama ya mpamba inkakhala m'kachikwama ka m'chiuno, koma ya tikiti ankaimanga payokha pachitenje usiku womwewo asanagone, chifukwa wodula matikiti ankafika m'mawa nthawi zina asanagulitse ngakhale mulu umodzi, ndipo ukanena kuti dikirani ndigulitseko kaye ankatha kungonyamula beseni lonse kupita nalo kuofesi, ukaliwombole. Tsiku la mvula, tsiku loti matemba anyowa ayamba kununkha, tikiti inali yomweyo. Ndiye panali wodula matikiti wina amene ankabwera monong'ona, amvekere mayi ingoperekani theka basi, tikiti isiyeni. Anzawo ambiri ankalola, nanga theka si theka, koma mayi anga ankakana, ankapereka yonse n'kulandira kapepalako, kukapinda kanayi n'kukaika pansi pa mwala wopsinjira pepala la matemba. Sankadziwa kuti bajeti n'chiyani, koma ankadziwa kuti ndalama yopanda tikiti ikupita m'thumba la munthu, ndipo chimbudzi cha pamsika chikadzaza sadzakhala ndi pakamwa podandaulira.

Tiyeni tingoyerekeza kuti tikiti ndi K300 patsiku, chitsanzo chabe. Mayi wogulitsa masiku 26 pamwezi wapereka K7,800, pachaka K93,600. Mayi wa tomato ameneyo, wokhala nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi, sakhala ndi ngongole ku khonsolo ngakhale ya tsiku limodzi chifukwa samulola kuti akhale nayo. Tsono yang'anani mbali inayi. Alipo anthu a nyumba za mpanda wa njerwa, geti lachitsulo, nyumba zitatu zinayi za lendi, amene bilu ya city rate ikafika amangoiponya m'galimoto zaka n'kumapita, ndipo makhonsolo a mizinda yathu akhala akudandaula poyera kuti ngakhale nthambi za boma zimene zimakhala ndi ngongole za city rate. Ine apa ndiye sindinyengerera. Mzinda umene ukusenzedwa ndi amayi a mumsika, a kabaza ndi a timaokala pomwe eni malo akuluakulu akupuma, umenewo ndi mzinda wopanda chilungamo, ndipo aliyense wa nyumba amene wasankha kusiya kulipira adziwe kuti katundu wakeyo wamusenzetsa mayi wa beseni uja. Khonsolo ikasowa ndalama simayamba yathamangira kwa bwana wa geti, imathamangira kumsika, chifukwa kumeneko ndalama imatuluka tsiku lomwelo.

Zomba wathuyu alinso ndi vuto lakelake limene anthu ambiri saliganizira. Tinali likulu la dziko mpaka 1975 pamene boma linasamukira ku Lilongwe, nyumba ya malamulo inatsalira kuno mpaka 1994 nayonso n'kupita, ndipo mu 2008 ndi pamene tinapatsidwa dzina loti city. Dzina linabwera, koma mafakitale ngati a ku Blantyre kuno kulibe. Yendani muone malo akuluakulu ndi a ndani: yunivesite, Cobbe Barracks, ndende yaikulu, chipatala chachikulu ndi cha amisala, koleji ya apolisi, MANEB, ofesi ya zowerengera anthu, nyumba ya boma. Pafupifupi zonsezo ndi za boma. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 105,013 mumzinda muno, ndipo ambiri mwa iwo akukhala ku Chikanda, Mpondabwino, Chinamwali, Sadzi, malo amene nyumba zinamera mofulumira kuposa mapulani. Onsewa amafuna msewu, ngalande, magetsi a mumsewu, galimoto ya zinyalala ndi yozimitsa moto, koma nyumba zimene zili m'kaundula wa city rate ndi gawo chabe.

Kaundula ameneyu ndiye mtima wa nkhani yonse. City rate amaiwerengera potengera mtengo wa malo ndi nyumba yanu monga analembera akatswiri oyesa mitengo ya nyumba, ndipo lamulo limafuna kuti kaundulayo azilembedwa mwatsopano zaka zisanu zilizonse. Koma ntchito imeneyi ndi yodula, makhonsolo ambiri amachedwa nayo, ndiye mumapeza kuti nyumba yakale imene inalembedwa kalekale ikulandira bilu chaka ndi chaka, pomwe pafupi pompo wina wamanga mahositelo a ana a ku yunivesite, akutolera lendi pabedi pabedi, koma m'buku akuonekabe ngati malo opanda kanthu kapena mulibemo n'komwe. Anzathu a ku Mzuzu anayesa njira ina, anayenda nyumba ndi nyumba kulemba zonse n'kumaika mtengo potengera zinthu zooneka ndi maso monga kukula kwa nyumba, denga, khoma ndi dera, ndipo ndalama zotolera zinakwera kwambiri. Kwa ine njira ndi imeneyo, aliyense alowe m'buku kuti aliyense apereke pang'ono, m'malo momafinya anthu omweomwewo.

Komanso tizinena zoona, ife a ku Zomba, ndi Amalawi tonse, tinazolowera kusafunsa. Lamulo la maboma aang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu zinabwera mu 1998, makhansala oyamba pansi pa lamuloli tinasankha mu 2000, nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala opanda makhansala mpaka chisankho cha 2014. Zaka 9 zathunthu bajeti za makhonsolo zikudutsa popanda munthu wosankhidwa ndi ife ku wodi woti aimirire n'kunena kuti ndalama iyi yapita kuti. Mwana amene anabadwa nthawi imeneyo anakula osadziwa kuti khansala ntchito yake n'chiyani, mpaka lero ambiri timamuona ngati munthu wogula bokosi pamaliro ndi wopereka galimoto yopita kumanda, basi. Ndondomeko ya 1998 ija inanenanso kuti boma lizipereka ku makhonsolo ndalama zosachepera 5 peresenti ya zimene latolera kuti zigwire ntchito za chitukuko, koma makhonsolo akhala akulira kuti zimene zimafika ndi zochepa komanso zimafika mochedwa.

Bajeti ya khonsolo musaione ngati ndalama zimene zili kale kubanki. Ndi chiyembekezo chabe, kuti chaka chino titolera zakutizakuti ku city rate, kumisika, ku malaisensi a bizinesi, kudepoti, ku mapulani a nyumba, kuphatikiza zochokera ku boma kudzera ku National Local Government Finance Committee, komiti yoona za chuma cha makhonsolo. Chaka cha boma kuyambira 2022 chimayamba pa 1 Epulo kutha pa 31 Malichi. Ndiye taganizani bajeti yakonzedwa, yavomerezedwa, kenako mu Novembala 2023 kwacha yagwa ndi 44 peresenti, dizilo, simenti, matayala zonse zakwera, pomwe bilu za city rate zinatuluka kale pamtengo wakale, ndipo theka la anthu silinalipire. Malipiro a antchito sungawadumphe, bilu ya madzi ndi magetsi sungaidumphe, chimene chimayamba kufa ndi mafuta a galimoto ya zinyalala ndi giredala ya mumsewu mwanumo. Apa sindikuikira kumbuyo aliyense. Khonsolo iliyonse m'dziko muno imene ikuti ilibe dizilo wa zinyalala koma alawansi ya misonkhano ya kunyanja ikupezeka, imeneyo ikutilakwira, ndipo malipoti a Auditor General, mkulu wolondoloza chuma cha boma, chaka ndi chaka amatchula makhonsolo osiyanasiyana olephera kuonetsa malisiti a ndalama zimene agwiritsa ntchito. Koma mankhwala a zimenezo ndi kuwaima pakhosi ndi mafunso, ndipo amene ali ndi lisiti m'manja mawu ake amalemera. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Kudandaula pakhomo loyenera

Zina timakalipira khonsolo pomwe si zake. Madzi ndi a Southern Region Water Board, magetsi a m'nyumba ndi a ESCOM, msewu waukulu wa M3 ndi wa Roads Authority. Zinyalala, misika, ngalande ndi misewu ya m'makwalala, magetsi a mumsewu, manda, zozimitsa moto, zimenezo ndiye za khonsolo ya mzinda. Ground rent ndi yosiyananso ndi city rate, imeneyo imapita kwa mwini nthaka amene anakupatsani liizi. Ndipo khonsolo ya mzinda ndi ina, khonsolo ya boma la Zomba ndi inanso, anthu ambiri amasokoneza.

Tsono achemwali, chitani izi. Tengani biluyo pamodzi ndi malisiti onse akale amene malemu anasunga, pitani ku ofesi ya zachuma ya khonsolo mukapemphe sitetimenti yonse ya pulotiyo, muone ngongole inayamba chaka chiti, ndi zingati zimene zili msonkho weniweni ndi zingati zili chiwongoladzanja, chifukwa zimatheka kuti ndalama inalipiridwa koma sinalowe m'buku. Funsani mtengo umene anaika panyumbayo m'kaundula, ukakhala wosagwirizana ndi nyumba yanu lembani kalata yodandaula ndipo musunge kope yodindidwa. Pemphani kuti muzilipira pang'onopang'ono, mugwirizane polemba. Ndalama muzipereka pakauntala kapena kubanki, osapatsira munthu panjira ngakhale atavala yunifolomu, ndipo osachoka opanda lisiti. Yambaninso kusintha dzina la nyumbayo kuchoka kwa malemu, zimatenga nthawi koma zidzateteza ana anu. Musangokhala chete, chifukwa ngongole ya city rate imamatirira panyumba, imakula, ndipo ikakhalitsa lamulo limalola khonsolo kudzera kukhoti kugulitsa nyumbayo.

Za msewuzo, sonkhanitsani anzanu a mumzere mwanu, mulembe kalata imodzi musayine nonse, mukapereke kwa khansala wa wodi yanu ndi komiti ya chitukuko ya wodi nthawi yokonza bajeti isanadutse, chakumapeto kwa chaka ndi kumayambiriro kwa chinacho, Epulo asanafike. Msonkhano wa khonsolo yonse anthu wamba amaloledwa kukamvera, ndipo lamulo la Access to Information limene linayamba kugwira ntchito mu 2020 limakupatsani mphamvu yopempha kope ya bajeti ndi lipoti la mmene ndalama zayendera. Mukaipeza yang'anani mizere iwiri, zimene anati atolera ndi zimene atoleradi, kenako mufufuze ngati msewu wanuwo unalembedwamo. Ngati mulibe, funsani khansalayo pamaso pa anthu kuti udzalowa chaka chiti.