Mng'ono wanuyo musamukalipire kaye, mufunseni za ku wodi

Asisi, mwati mng'ono wanu ndi nesi ndipo akufuna kusiya ntchito, ndiye mukufunsa kuti mumuletse bwanji poti ntchito zikusowa chonchi. Ine ndi nesi, ndikuuzeni zomwe timaona.

Ambiri amati vuto ndi ndalama. Eya, salale ndi yochepa sindikukana, komatu mu 2005 boma ndi mabungwe akunja othandiza anawonjezera 52% pa malipiro a azaumoyo kuti anthu asamathawire ku UK, zinathandiza ndithu, koma mpaka lero manesi akuchokabe, ena ku ma NGO ena kukachita geni. Chomwe chimamumaliza nesi ndi kusenza zinthu yekha. Naiti yonse uli wekha, wodi yadzaza mpaka ena agona pansi, mwana wakufera m'manja, magadiyani akukulalatira ngati mankhwala wabisa ndiwe, ndiye kukacha in-charge (mkulu wa wodi) osafunsa n'komwe kuti usiku unayenda bwanji, akungofuna lipoti. Ukafika kunyumba abale akuti "inu nde munazolowera maliro". Palibe amazolowera asisi, timangokhala chete.

Ndaona anzanga pa salale yomweyo, mavuto omwewo, akupirira zaka chifukwa in-charge wawo amagawa ma duti mwachilungamo, amapereka ma ofu ndi holide pa nthawi yake, ndipo odwala akamwalira amakhala pansi ndi manesiwo kukambirana. Wodi ina mkulu wake ndi wonyoza anthu pamaso pa odwala, aliyense kumeneko amangosaka potulukira.

Ndiye muyang'aneni mng'ono wanuyo. Akugona tulo? Akudya? Akupsa mtima ndi zazing'ono, kapena kulira ikakwana nthawi yovala yunifomu? Ngati zili choncho mutu watopa, ndipo mawu oti "uthokoze Mulungu uli pa ntchito" angomutseka pakamwa. Akaweruka naiti mulandireni ana kuti iye agone, mumvetsereni osamudula mawu, ndipo zopempha za pachibale zichepe, poti ambiri timathamangira ma lokamu (maganyu a kuchipatala) pa tsiku lopuma chifukwa cha zomwezo.

Asanalembe kalata yosiya atenge holide, apemphe kusintha wodi kapena transifa. Ngati akuponderezedwa akadandaule ku NONM, bungwe lathu la manesi ndi azamba. Ku chipatala cha St John of God, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kuli aphungu a za maganizo, mumuperekeze inuyo, yekha achita manyazi poti amati nesi sadwala. Akasankhabe kuchoka mulekeni, bola laisensi yake ku Nurses Council (bungwe lopereka malaisensi a manesi) asaileke kulipira.