Kuchotsa ndi kubwezera mafoloko akutsogolo pa Honda CG125 yakale

Funso: Achimwene, ndili ndi Honda CG125 yakale yomwe ankayendera malemu bambo anga, injini ikulira bwinobwino koma foloko ya kumanja ikutaya oyilo mpaka akufika pa buleki. Ndinayesa kuichotsa ndekha, bawuti yapamwamba ikungozungulira limodzi ndi paipi yonse osamasuka. Ndiyambire pati kuti ndisaononge zinthu?

Yankho: Choyamba musayendenso nayo njingayo mpaka mutakonza, oyilo akalowa mu dramu ya buleki ma shoe, tizitsulo tomwe timakhula dramuyo kuti njinga iime, amanyowa ndipo buleki yakutsogolo imatha mphamvu, ma shoe oterowo ndi otaya basi, kutsuka ndi petulo sikubwezeretsa chilichonse.

CG125 ndi njinga yosavuta. Honda anayamba kuipanga mu 1975 akuganizira maiko omwe anthu sapita kugalaja pafupipafupi, nchifukwa chake injini yake ndi ya ma pushrod, timitengo tachitsulo tokankha mavavu, ndipo njinga zambiri za kabaza mukuziona m'tauni injini zake anakopera pomwepo. Ndiye musaope, masipanala wamba akukwanira. Vuto lanu si mphamvu ayi, ndi ndondomeko yomasulira.

Paipi ikuzungulira chifukwa munayamba mwamasula mabawuti omwe amaigwira. Paipi yonyezimira ija imadutsa m'zitsulo ziwiri, yoke yapamwamba pomwe pali mahandulo ndi yoke yapansi yomwe ili pamwamba pa madigadi. Yapansiyo ili ndi bawuti yotsina paipi, ndiye vaisi yanu imeneyo. Bwezerani paipi m'malo mwake, mangani bawuti yotsina yapansi kuti igwire zolimba, kenako mumasule bawuti yapamwamba ija pang'ono chabe, kungoti iyambe kumasuka, osaichotsa. Ngati njinga yanu ili ndi bawuti yotsina pa yoke yapamwambanso, imeneyo muimasule kaye musanakhudze chivindikiro, chomwe ndi bawuti yapamwamba ija, chifukwa ikakhala yomanga imafinya mazinga a chivindikirocho ndipo mudzalimbana nacho mpaka mutu wa bawuti utaphwanyika makona. Ndaona anthu akugwira paipi ndi pulayala kapena sipanala ya mapaipi a madzi kuti isazungulire, chonde musatero, mano ake amasiya zipsera pa chrome ndipo chipsera chilichonse ndi mpeni wodula oil seal yatsopano, rabala ija yotchinga oyilo kuti asatuluke.

Zonse zolimba muzimasuliratu tayala lidakali pansi. Nati ya ekiselo, mabawuti a madigadi, ndi bawuti ya allen key yomwe ili kunsi kwa mwendo wa foloko ngati mukufuna kuphwasula mkati, koma imeneyo pa njinga zambiri imabisika ndi ekiselo ndiye mudzaifikira tayala likachoka. Yambani kuimasula sipulingi idakali mkati ikukankha, apo ayi kachitsulo kamkati kamangozungulira nayo limodzi.

Kenako kwezani kutsogolo. Imikani pa sitandi yapakati pamalo olimba, ikani chipika kapena kreti yokhala ndi thabwa pansi pa injini, ndipo kumbuyo muikeko cholemera, kaya thumba la mchenga pa kaliyala, chifukwa mukachotsa tayala kulemera kwa njinga kumasintha ndipo imatha kugwa mukuona. Pamchenga kapena pa dothi lofewa ayi.

Tayala lisanachoke chotsani kebulo ya buleki ndi ya sipidomita. Jambulani ndi foni mbali zonse ziwiri, makamaka komwe kuli spacer, kapaipi kakafupi ka pa ekiselo, ndi momwe mbale ya buleki yalowera pa kachitsulo kotuluka pa mwendo wa foloko. Kachitsulo kameneko ndi kamene kamaletsa mbale kuzungulira limodzi ndi tayala mukagwira buleki, mukadzabwezera osakalowetsa bwino m'mpata mwake, tsiku loyamba kugwira buleki mbale imatembenuka nkukoka kebulo ndipo tayala limatha kuuma pomwepo. Apa ndimabwereza kawiri kwa aliyense amene ndikumuphunzitsa ntchito.

Musanasolole paipi onani kuti yatulukira bwanji pa yoke yapamwamba, yezani kapena lembani ndi maka. Ine ndimachotsa mwendo umodzi, kuukonza, kuubwezera, kenako winawo, mwakutero nyali ndi timakutu take sizigwa ndipo mayoke sasokonekera. Ikakana kutsika, thirani oyilo wolowerera ngati WD-40, dikirani, chotsani bawuti yotsina yonse, lowetsani sikuludalaiva yaphwatalala mumng'alu wa yoke mofatsa kuti utseguke pang'ono, ndiye muzipotoza paipi uku mukukokera pansi. Dzimbiri lomwe lili pakati pa mayoke awiriwo mulipale kaye ndi sandpaper yosalala kuti lidutse. Hamala pamwamba pa paipi ayi, mukaphwanya mazinga mwagula paipi ina.

Pochotsa chivindikiro kanikizani ndi dzanja ndipo nkhope muichotse pamenepo, sipulingi imakankha. Khuthulani oyilo wakale m'chitini, mudzaona wakuda wonunkha, nthawi zina wosakanikirana ndi madzi. Seal imagwidwa ndi kawaya kapena circlip pansi pa rabala yotchinga fumbi, chotsani kameneko kaye musanatokose seal. Ndipo musangosintha seal nkutseka, yendetsani chala pa paipi pomwe seal imadutsa. Mukamva timaenje ta dzimbiri ndiye gwero la kutayako ndi limenelo, seal yatsopano idzangokhala masabata ochepa. Timaenje tochepa mutha kusalaza ndi sandpaper yosalala kwambiri yonyowetsa ndi oyilo, koma chrome ikayamba kusupuka paipi yatha. Igubuduzeninso pa galasi kapena patebulo losalala, ikamadumphadumpha ndi yopindika. Seal ilowe mbali yolembedwa manambala ikuyang'ana kumwamba, ipakeni oyilo, ndipo gulani awiri, kusintha mbali imodzi ndi kudzipatsa ntchito kawiri.

Oyilo, mabuku akale a Honda ankalemba ATF, uja wa ma gearbox a automatic, ndipo amagwira ntchito bwino ngati fork oil weniweni sakupezeka. Mlingo wake umasiyana ndi chaka cha njinga ndiye onani buku la modelo yanu, chachikulu miyendo yonse iwiri ilandire wofanana ndendende, yezerani ndi jekeseni kapena botolo la mwana la manambala, osati kungoyerekeza ndi maso. Oyilo wakutha wochokera mu injini musathiremo.

Funso: Zikomo achimwene, ndachita zonse ndipo kutaya kwasiya. Koma pano ndikamayenda mahandulo akuoneka opotoka, tayala lili chowongoka koma dzanja lamanzere lili kutsogolo, komanso foloko ikulimba ikalowa sibwerera msanga. Kodi felemu yapindika?

Yankho: Ngati isanaphwasulidwe inkayenda chowongoka ndiye felemu ilibe mlandu. Munamanga chilichonse zolimba njinga idakali m'mwamba, chimodzichimodzi pomwe mwachiika, ndiye mapaipi awiriwo anamangidwa asanagwirizane. Mmodzi wapotokera uku wina uko, nchifukwa chake akukhulana ndipo sakubwerera.

Mankhwala ake salira ndalama. Tsitsani njinga tayala ligunde pansi. Onani kaye kuti mapaipi onse awiri atulukira mofanana pamwamba monga munalembera. Zapamwambazo zisiyeni zomanga kuti mapaipi asathawire m'mwamba, ndiye mumasule pang'ono mabawuti otsina a yoke yapansi, a madigadi, ndi nati ya ekiselo. Ngati kupotokako nkwakukulu masulaninso pang'ono nati yaikulu yapakati pa yoke yapamwamba. Gundikizani tayala kukhoma, gwirani mahandulo, kankhirani pansi mwamphamvu kasanu kaya kakhumi kuti foloko ilowe nkutuluka, mudzamva zinthu zikukhazikika zokha. Ikakanabe, panani tayala ndi mawondo mutaimirira kutsogolo nkupotoza mahandulo, monga timachitira ndi njinga yakapalasa ikagwa. Mukatero mangani kuyambira kumwamba kutsika pansi, nati yapakati, yoke yapansi, ekiselo, madigadi pomaliza. Madigadi anthu amaiderera koma ndi chitsulo cholumikiza miyendo iwiri, ikakhala yopindika ndipo mwaikakamiza imakoka foloko yonse.

Pomanga nati ya ekiselo wina akugwirireni buleki yakutsogolo, ma shoe amakhazika mbale pakati penipeni pa dramu ndipo buleki imagwira bwino. Ngati nati yake ndi ya mipata ija, ikani split pin yatsopano, osati msomali. Mabawuti otsina musawamange ngati mukumanga tayala la lole, ndi ang'onoang'ono, amaduka kapena kung'amba yoke.

Poti mwafika kale pamenepo, kwezaninso kutsogolo, gwirani miyendo ya foloko kunsi nkugwedeza kutsogolo ndi kumbuyo. Mukamva gu gu pakhosi, kapena mahandulo akumakodwa pakati mukamatembenuza, mabelingi a chiwongolero akufuna kuona. Njinga zakalezi zili ndi mabozi, timipira tachitsulo ta m'mabelingi, omwazika opanda khola, mukatsitsa yoke yapansi amagwa nkubalalika, ndiye yalani chiguduli pansi, werengani apamwamba paokha apansi paokha, pobwezera muwamate ndi girizi kuti asagwe.

Funso: Mnzanga ali ku England anagula njinga yamoto ya BSA ya m'ma 1960, akuti mabawuti onse wamasula koma paipi sikutsika. Njira yake ndi yomweyi?

Yankho: Ikusiyana pamwamba. Pa BSA ndi Triumph zambiri za nthawi imeneyo mutu wa paipi ndi wosongoka ndipo umalowa mothina mu yoke yapamwamba, nati yaikulu ndi imene imaukokera m'mwamba, ndiye ngakhale mumasule zonse umakhalabe wokakamira. Pali chida chake chokhala ndi mazinga chomwe mumamangirira m'paipi m'malo mwa nati ija nkumenya chidacho, osati paipi, ndipo pobwezera chida chomwecho ndi chokokera paipi m'mwamba chifukwa masipulingi ake ali kunja, pansi pa marabala, ndipo amakankha. Ogulitsa zida za njinga zakale ku Britain amakhala nacho. Muwauzenso kuti masipanala a mamilimita sakwana pamenepo, njinga zimenezo zili ndi mabawuti a miyeso yakale ya ku Britain ya Whitworth, BSF ndi cycle thread, akakakamiza 13 kapena 14 aphwanya makona a manati omwe ndi ovuta kuwapezanso.