Zilumba za ku Cape Maclear: ndi ana yambirani pa Thumbi

Achemwali, mwafunsa kuti muli ndi masiku awiri okha ndi ana, mupite chilumba chiti pa zilumba za mu Lake Malawi National Park. Ine ndingokuuzani kuti kagoneni ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, m'mawa mwake mukwere boti kupita pa Thumbi West, basi.

Thumbi ili pafupi, mumaiona muli chiimire pamchenga pa Chembe, ndiye ana satopa ndi ulendo wapamadzi. Chomwe anthu amapitirako ndi mbuna, tinsomba tija ta buluu, tachikasu, tina tamizeremizere tomwe timakhala m'miyala n'kumadya ndere. Madzi ake ndi oyera moti ngakhale mwana wosatha kusambira akangovala magalasi a m'madzi n'kuviika nkhope pamalo osaya amationa tikumuzungulira miyendo, ndipo mukakhala ndi mwayi muona yaikazi italavula tiana take kenako chinachake chikaiopseza n'kutimezanso tonse m'kamwa, ndi momwe zimalerera. Nsomba zimenezi ndi zomwe zinachititsa kuti pakiyi ikhazikitsidwe mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, chifukwa mbuna sizikonda kudutsa pamchenga kapena pakuya, ndiye mitundu ina imangopezeka pa chilumba chimodzi kapena mulu umodzi wa miyala. Pobwerera anyamata a boti amaimba likhweru n'kuponya kansomba m'madzi, nkhwazi imatsika mumtengo kudzakawakha, ana amakuwa zedi pamenepo.

Domwe ndi chachikulu, chamapiri, changolekana ndi mtunda ndi kampata kamadzi kotchedwa Ilala Gap. Ndi chabwino kwa okonda kukwera mapiri koma ndi ana ang'ono dzuwa la kumeneko lija ayi ndithu. Mumbo ili kutali, pafupifupi makilomita 10 kuchokera ku Chembe, kulibe mudzi, kuli ang'anzi ambiri m'miyala ndipo akatumbu amaoneka, koma kugona kumeneko ndi kodula, thumba liyenera kukhala lokonzeka. Maleri, Nankoma ndi Nakantenga ndi za paki yomweyi koma zili mbali ya ku Salima, musaziwerengere pa ulendo uno.

Za nthawi, pewani Juni mpaka Ogasiti ngati mungathe, mwera umavuta ndipo boti limagwedezeka heve. Seputembala ndi Okutobala nyanja imakhala bata kwambiri, kutentha kokha. Ngakhale zili choncho nyamukani m'mamawa, ndipo musakwere boti lopanda ma life jacket okwanira ana onse, akakuuzani kuti ndi pafupi pompa musamvere. Mtengo wa boti mugwirizane muli pamtunda, mufunsenso ngati ndalama yolowera mu paki ili momwemo kapena mulipira padera. Tengani chitupa chanu chaunzika, Amalawi timalipira zochepa kusiyana ndi alendo akunja.

Mbedza zisiyeni kunyumba, kuwedza ndi koletsedwa pa mamita 100 kuchokera m'mbali mwa zilumbazi. Kumtunda cha ku Otter Point, malo a paki omwe ali kumapeto kwa gombe la Chembe, anyani amalanda chakudya m'manja, musamupatse mwana chikwama cha buledi. China ndi likodzo, kugombe la mudzi komwe anthu amachapa ndi kusamba liliko, ndiye mukabwerako pakapita miyezi iwiri kapena itatu kayezetseni nonse kuchipatala ngakhale palibe akumva kupweteka.