Mawu a Chijapanizi oyamba nawo musananyamuke

Achemwali, ndaona funso lanu loti mwasankhidwa kukaphunzira za ulimi wa mpunga ku Tsukuba, m'dziko la Japan, kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mukufuna mawu a Chijapanizi oti muyambe nawo popeza kwangotsala miyezi iwiri kuti munyamuke. Ndakondwera nanu kwambiri. Ine ndinakhala ku Nagoya zaka ziwiri ndili pa sukulu, ndiye ndikuuzani zomwe ndikanakonda wina atandiuza ndisanakwere ndege.

Musadzipanikize ndi kuloweza mawu mazanamazana. Mawu omwe adzakuthandizeni tsiku ndi tsiku ndi ochepa, ndipo ambiri mwa iwo ndi a ulemu womwe amayi anu anakuphunzitsani kale muli mwana. Chatsala n'kungodziwa kuti kumeneko amautchula bwanji.

Yambani ndi "sumimasen". Mawu amenewa amagwira ntchito yomwe "zikomo" amagwira kwathu kuno. Mukafuna kudutsa pakati pa anthu mumati zikomo, kumeneko mudzati sumimasen. Mukafuna kuitana woperekera chakudya, sumimasen. Mukamuponda munthu mwangozi mu sitima, sumimasen. Wina akakutolerani chinthu chomwe mwagwetsa, sumimasen yomweyo, chifukwa mukuthokoza komanso kupepesa kuti mwamuvutitsa. Anzanga ochokera ku Ulaya ankadabwa kuti mawu amodzi angathe bwanji kuthokoza ndi kupepesa nthawi imodzi. Kwa ine zinali zodziwika kale. Kuthokoza kwenikweni ndi "arigatou gozaimasu", ndipo muzinena mawu onse awiri, chifukwa "arigatou" yekha ndi wa pakati pa anthu ozolowerana. Ngakhale "odi" wathu aliko: mukafika pakhomo pa munthu mumati "gomen kudasai", ndipo polowa, mukuvula nsapato, mumati "ojamashimasu".

Katchulidwe kasakuopseni, pakamwa pathu panazolowera kale. Chijapanizi chili ndi a, i, u, e, o ngati ife, maphatikizo ake ndi ofanana ndi athu, ndipo r wawo ali pakati pa r ndi l, monga momwe ifenso timachitira. Mawu olembedwa m'zilembo zathuzi muziwerenga ngati Chichewa, musawerenge ngati Chingerezi. Chosamala ndi kutalika kwa liwu. "Obasan" ndi azakhali, koma "obaasan" ndi agogo aakazi, ndipo mayi wa zaka makumi anayi sasangalala mukamutcha agogo. "Biru" ndi nyumba yosanja, "biiru" ndi mowa. Amasiyanitsanso mawu ndi kukweza kapena kutsitsa liwu, ngati momwe ife timasiyanitsira mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu: "ame" angakhale mvula kapena switi. Koma izi khutu lidzazigwira lokha mukafika. Panopa kumbukirani kuti u wa kumapeto kwa "desu" ndi "masu" samveka kwenikweni, amangoti "des", "mas".

Tsiku loyamba mudzadzidziwitsa kwa aphunzitsi ndi anzanu. Mudzati "hajimemashite", kenako dzina lanu ndi "desu", n'kumaliza ndi "yoroshiku onegaishimasu" mutawerama pang'ono. Mawu otsirizawa ndi opempha kuti akulandireni, mukhale nawo bwino. Pa dzina la munthu wina muziwonjezera "san" kumapeto, monga ife timayikira a kutsogolo, ndipo aphunzitsi ndi madokotala ndi "sensei". Koma pa dzina lanu musayikepo "san". Kwathu kunonso munthu sadzitchula yekha kuti ndine aPhiri. Mawu akuti "anata", omwe mabuku amati ndi iwe kapena inu, muwapewe. Munthu muzimutchula dzina lake ngakhale mukulankhula naye maso ndi maso.

Pali mawu amodzi omwe ndinawakonda kuposa onse, "otsukaresama desu". Anthu ogwira ntchito limodzi amauzana akakumana m'khonde kapena poweruka, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti ndaona kutopa kwanu, mwagwira ntchito. Mukabwerako kumunda wa mpunga muli matope okhaokha, mudzawamva kangapo. Mukamaweruka anzanu akadali pa ntchito, nenani "osaki ni shitsurei shimasu", kupepesa kuti mwatsogola. Musanadye ndi "itadakimasu", mukatha ndi "gochisousama deshita". Ndipo munthu akakuchitirani zabwino, mukakumananso naye mawa lake muthokozenso: "kinou wa arigatou gozaimashita". Ndi zikomo za dzulo zomwe timanena kwathu kuno, ndipo kumeneko amazilemekeza zedi.

Tsono pali malo ena pomwe chizolowezi chathu chingakusokeretseni. Ife timafunsana "muli bwanji" tsiku lililonse, koma "ogenki desu ka" amafunsa munthu yemwe sanamuone nthawi yaitali. Kwa omwe mumaonana nawo tsiku ndi tsiku, m'mawa ndi "ohayou gozaimasu", masana "konnichiwa", madzulo "konbanwa", basi. Mu sitima anthu sapatsana moni ndipo salankhula pa foni. Masiku oyamba zimenezi zinkandipweteka mtima, ndinkaona ngati anthu sakundifuna. Pambuyo pake ndinamvetsa kuti kukhala chete ndi ulemu wawo kwa anzawo otopa.

Chachikulu pa zonse n'chakuti iwo sakonda kukana mwachindunji. Mukapempha chinthu, munthu n'kupendeketsa mutu, n'kunena "chotto" osamaliza chiganizo, dziwani kuti wakana. Ine ndinakakamirapo pempho kwa mkulu wina wa mu ofesi kwa masabata awiri chifukwa chosamva zimenezi, ndipo mpaka lero ndimamva chisoni kuti ndinamuvutitsa. Nayenso "hai" nthawi zambiri amangotanthauza kuti ndikumva, pitirizani. Sikuti wavomera.

M'masitolo ang'onoang'ono osatseka usiku, omwe amawatcha konbini, ndi momwe mudzayesere Chijapanizi chanu kawirikawiri. Polowa adzafuula "irasshaimase", musavutike kuyankha. Lozani chomwe mukufuna n'kunena "kore o kudasai". Kufunsa mtengo ndi "ikura desu ka". Kuyambira mu July 2020 jumbo amagulitsa, choncho mukamva mawu akuti "fukuro" akufunsa ngati mukufuna jumbo, ndipo mukamva "atatamemasu ka" akufunsa ngati akutenthetsereni chakudyacho. Mukafuna, "onegaishimasu". Mukapanda kufuna, "daijoubu desu". Pa ndalama, dziwani kuti amawerenga m'magulu a 10,000 omwe amawatcha "man", ndiye 10,000 yen ndi "ichiman en", 30,000 ndi "sanman en". Apa ndi pomwe mutu umazungulira, yesererani muli kuno. Ngati simudya nkhumba, lowezani "butaniku wa taberaremasen", ndipo chilembo ichi 豚 muchizindikire pa mapaketi, chifukwa nkhumba imapezeka mu zakudya zambiri, ngakhale mu msuzi.

Vuto la munthu wotchula bwino ndi lakuti amamuyankha mothamanga poganiza kuti chilankhulo amachidziwa. Zidzakuchitikirani. Khalani ndi mawu atatu awa pafupi: "wakarimasen", sindikumva, "mou ichido onegaishimasu", bwerezaninso, "yukkuri onegaishimasu", pang'onopang'ono chonde. Pofunsa malo, tchulani malowo n'kuwonjezera "wa doko desu ka": "toire wa doko desu ka", chimbudzi chili kuti; "eki wa doko desu ka", siteshoni ili kuti. Sitima ya Tsukuba Express imanyamukira ku Akihabara mu Tokyo, koma si zonse zomwe zimafika kumapeto, ndiye musanakwere funsani kuti "kono densha wa Tsukuba ni ikimasu ka". Mukadwala, lozani powawapo n'kunena "koko ga itai desu". Nambala ya apolisi ndi 110, ya ambulansi ndi ozimitsa moto ndi 119. Mukasochera, pitani pa kapolisi kakang'ono ka pafupi ndi siteshoni, amati kouban, adzakulozerani njira.

Za zilembo, m'miyezi iwiriyi phunzirani hiragana ndi katakana, gulu lililonse lili ndi zilembo 46. Zisanu pa tsiku, mudzamaliza nthawi ikadalipo. Kanji, zilembo zochokera ku Chitchaina ngati 豚 chija, zomwe boma lawo linandandalika kuti ndi za tsiku ndi tsiku zilipo 2,136, zimenezo zisiyeni kaye. Pa intaneti pali maphunziro aulere a wailesi ya NHK World, komanso a Irodori ochokera ku Japan Foundation, omwe anakonzera anthu opita kukakhala ndi kukagwira ntchito kumeneko. Muzimvetsera ndi kubwereza mokweza, osangowerenga chamumtima. Ndipo popeza achinyamata odzipereka a JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza pa chitukuko, akhala akubwera ku Malawi kuyambira 1971, funsani ngati alipo wina m'boma lanu. Ambiri amakhala akulimbana ndi Chichewa, ndiye mudzathandizana.

Funso lomwe mudzafunsidwe kwambiri ndi la komwe mwachokera. Dziko lathu amalitchula kuti Maraui, ndiye mudzati "Maraui kara kimashita". Ambiri adzakhala chete pang'ono akuganiza kuti n'kuti. Muwonjezere kuti "Afurika desu, Tanzania no tonari desu", kutanthauza kuti ndi ku Africa, moyandikana ndi Tanzania. Sunganinso chithunzi cha nyanja yathu ndi cha mpunga wa Kilombero mu foni, poti mukupita kwa anthu a mpunga, adzafuna kuona.