Kodi wa ku famase ndi wogulitsa chabe?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa achemwali ena a ku Kasungu. Bambo awo ali ndi BP, kuchipatala anawauza kuti mankhwala atha akagule, ndiye atafika ku famase mnyamata wa pakauntala anayamba kuwafunsa mafunso: akumwanso chiyani, anayamba liti, kabuku ka kuchipatala kali kuti. Bambo anapsa mtima, amvekere iyeyu si dokotala. Achemwaliwo akufunsa kuti amumvere mnyamatayo, kapena akungofuna kuwagulitsa zambiri?

Achemwali, imelo yanu ndaiwerenga katatu chifukwa yandikumbutsa jumbo ya mayi anga.

Mayi anawapeza ndi BP ali kumudzi. Poyamba ankamwa kakang'ono kaja ka HCTZ, kenako anawaonjezera enalapril. Patapita milungu ingapo anayamba kutsokomola. Chinali chifuwa chouma, chokanda kukhosi, chopanda makhololo, ndipo usiku ndiye chinkanyanya. Palibe amene anaganizira za mankhwala atsopano aja. Tinkati ndi fumbi, kenako tinati ndi kuzizira kwa mu June. Anamwa ndimu ndi jinja, anamwa Bactrim wa pagolosale, mlongo wanga anawatumizira amokisilini, ine ndinagula mabotolo awiri a mankhwala a chifuwa. Anakayezetsa TB, sinapezeke. Anthu pamudzi anayamba kunong'ona zawo, mukudziwa mmene zimakhalira munthu akatsokomola miyezi isanu. Mayi anasiya kupita ku kwaya ya amayi chifukwa cha manyazi. BP nayo sinkatsika, ulendo uliwonse wa kuchipatala ankabwerako atakalipiridwa kuti akudya mchere wambiri, chonsecho ndiwo zawo zinali zosakoma kale.

Nditawatengera ku Blantyre, tsiku lina tinalowa mu famase ina ku Limbe kukagula botolo lachitatu. Mayi anatsokomola tili pamzere. Amene ankatithandiza anali mayi wachitsikana wovala gauni yoyera. Botolo analitenga pashelefu, koma sanatipatse. Anati, "Amayi, chifuwachi chinayamba liti?" Mayi anawerenga miyezi ndi zala. "Nanga mankhwala a BP anakusinthirani liti?" Anawerenganso, zala zake zomwezo. Kenako anatembenukira kwa ine. "Achimwene, mawa mubwere ndi mankhwala onse amene amayi ali nawo kunyumba. Onse, ngakhale a pagolosale."

Mawa lake tinakhuthula jumbo pakauntala. Munali timapepala tapulasitiki tija tojambulidwa dzuwa ndi mwezi, tina zolemba zitafufutika. Iye anayala mmodzimmodzi ngati akusankha nyemba. Anapeza kuti enalapril alimo wamitundu iwiri, wa kuchipatala ndi wina amene tinagula nthawi imene kuchipatala anatha. Maonekedwe anali osiyana, ndiye mayi ankamwa onse awiri poganiza kuti ndi mankhwala awiri. Pansi penipeni panali bulufeni, amene ankamwa mmawa uliwonse chifukwa cha maondo asanapite kudimba.

Anatifotokozera mwachichewa chomveka. Enalapril ndi anzake a gulu limenelo amayambitsa chifuwa chouma mwa anthu ena, ndipo chifuwa chotere sichimva amokisilini chifukwa mulibe kachilombo. Bulufeni ndi indosidi amachititsa impso kusunga mchere ndi madzi, motero amakweza BP n'kumalimbana ndi mankhwala otsitsa. Ukaphatikiza bulufeni, enalapril ndi HCTZ kwa munthu wachikulire, impso zimatha kuvulala. Iye sanasinthe mankhwala. Analemba kakalata, natiuza kuti tikaonetse adokotala tsiku lomwelo. Adokotala anasintha n'kuika amlodipine. Pasanathe mwezi mayi anagona usiku wonse osatsokomola. Botolo lija linabwerera pashelefu, ife tinatuluka ndi Panado yekha.

Mpaka lero zimandiwawa ndikaganiza miyezi isanu imene ija. Mafunso awiri okha ndi amene ankafunika.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kuwerenga za nkhaniyi, ndipo ndinapeza kuti anthu akhala akuifufuza kwa zaka zambiri. Mu 1990 akatswiri awiri a ku America, Charles Hepler ndi Linda Strand, analemba kuti ntchito ya famasisiti, katswiri wa mankhwala wa ku famase, isathere pa kupereka mankhwala, iyenso azikhala ndi udindo pa zimene mankhwalawo akuchita m'thupi la wodwala. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mzinda wa Asheville ku North Carolina unayamba kulipira mafamasisiti kuti azikhala pansi ndi ogwira ntchito ake odwala shuga, ndipo shuga wa ambiri anatsika, ndalama zopita ku zipatala zinachepanso. Ku England, kuyambira 2011, munthu akayamba mankhwala atsopano a matenda ngati BP, shuga kapena mphumu, wa ku famase amamufunsanso pakapita sabata imodzi kapena ziwiri kuti zikuyenda bwanji. Atafufuza anapeza kuti pa anthu 10 alionse, pafupifupi 7 ankamwa mankhwala moyenera pakatha milungu 10, pomwe kwa amene sanafunsidwe anali 6. Wina anganene kuti kusiyana kwake n'kochepa, koma mayi anga akanafunsidwa motere, chifuwa chija chikanadziwika mwezi woyamba.

Kafukufuku amene ndimamukonda kwambiri ndi wa ku Los Angeles, wotsogoleredwa ndi dokotala Ronald Victor, amene anatuluka mu 2018. Anatenga amuna akuda 319 a BP yokwera m'malo ometera 52. M'malo ena wometa ankangolimbikitsa kasitomala kuti akaonane ndi dokotala. M'malo ena famasisiti ankabwera kumalo ometerako, kuyeza BP, n'kusintha mankhwala mogwirizana ndi madokotala a anthuwo. Patatha miyezi 6, nambala yapamwamba ya BP inatsika ndi 27 kwa amene ankaonana ndi famasisiti, pomwe kwa enawo inatsika ndi 9. Ndikawerenga zimenezi ndimaona bambo anu, achemwali. Azibambo athu kuchipatala amapita zitafika pothina, koma kometa, ku bawo ndi kumsika salephera. Kafukufuku wa dziko lonse wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse kuno ku Malawi ali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa n'komwe. Chipatala cha boma sichingawafikire onsewo. Adokotala amene akuona mzere wofika panja sangakhale ndi mphindi zokhuthula jumbo ya munthu aliyense, ndipo sindiwaimba mlandu. Famase ndiye ili panjira, sufuna kulawira mbandakucha kuti ukagwire mzere.

Mbali imene imandikwiyitsa

Bambo anu sanalakwitse kwenikweni kukayikira. Malo ambiri ogulitsa mankhwala anatizoloweza zoipa. Umalowa, umatchula dzina, amakufunsa kuti muli ndi zingati, basi. Uli ndi ya makapisozi anayi, akupatsa anayi. Ndaonapo ndi maso anga mayi atabereka mwana wotentha thupi akugulitsidwa LA popanda kufunsidwa ngati mwanayo wayezedwa malungo, popanda kuuzidwa kuti amwe kawiri pa tsiku masiku atatu mpaka amalize, kapena kuti amwere chakudya chokhala ndi mafuta pang'ono kuti mankhwala alowe bwino m'thupi. Dziko lathu linasiya kolokwini mu 1993 chifukwa anasiya kugwira ntchito, Fansidar nayenso anatsatira, n'kubwera LA mu 2007. Tikufuna titayenso ameneyu?

Za maantibayotiki ndiye zoopsa kuposa. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anasanthula magazi a odwala a ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira 1998 mpaka 2016, ndipo anapeza kuti tizilombo tosamva mankhwala amphamvu tachuluka koopsa, makamaka ta Klebsiella, timene pofika kumapeto pafupifupi 9 mwa 10 tinali tosamva. Padziko lonse, mu 2019 anthu okwana 1.27 miliyoni anafa chifukwa cha tizilombo totere. Zoyambitsa zake n'zambiri, koma kapisozi aliyense womwedwa popanda chifukwa amaonjezera, kuphatikizapo amokisilini amene ife tinamwetsa mayi pa chifuwa chopanda kachilombo. Ndiye ine maganizo anga ndi olimba pamenepa. Wogulitsa mankhwala amene safunsa funso ndi amene muyenera kumuopa. Amene amafunsa akutaya nthawi imene akanagulitsira anthu atatu, ndipo nthawi zina akutaya ndi malonda omwe, monga anachitira mayi wa ku Limbe uja.

Ndipo vuto lagona pomwepo. Ku England boma limalipira famase chifukwa chokambirana ndi wodwala, moti kuyambira January 2024 mafamasisiti kumeneko amathandiza okha matenda 7 ang'onoang'ono popanda munthu kudzera kwa dokotala. Kwathu kuno famase imadya pa zimene yagulitsa basi. Mwini wake akaona wantchito akubweza botolo pashelefu amaona ndalama yathawa. Ana athu akuphunzira za mankhwala ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ndi ku Malawi College of Health Sciences zaka zingapo, n'kukathera kuwerenga chenji. Ndikanakonda ophunzira amenewa, akamasankha mitu ya kafukufuku, ena apite m'mafamase a ku Ndirande, Kawale, Mchesi, ndi kwanu ku Kasungu komweko, akakhuthule majumbo a odwala BP ndi shuga, awerenge kuti ndi angati akumwa mankhwala amodzi kawiri, ndi angati akumwa bulufeni tsiku ndi tsiku. Manambala otere ndi amene angakhutiritse a Unduna wa Zaumoyo kuti mphindi khumi zokambirana zija n'zoyenera kulipiridwa. Kumudzi ndiye nkhani ina, famase kulibe, kuli golosale ndi wa pamsika woyala mapilitsi padzuwa. Bungwe la WHO linanena mu 2017 kuti m'mayiko osauka mankhwala amodzi mwa 10 ndi abodza kapena osakwanira mphamvu. Imeneyo ndidzailemba payokha.

Tsono bwererani kwa mnyamata uja, achemwali. Muyang'ane pakhoma ngati pali chiphaso cha PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala limene linalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Mutenge kabuku ndi mankhwala onse a bambo, a pagolosale ndi azitsamba omwe. Mumufunse dzina lenileni la mankhwala alionse, ntchito yake, nthawi yomwera, ndi zimene angayambitse m'thupi. Akanena kuti china chake chisinthe, akulembereni mukaonetse adokotala, bambo asasiye mankhwala a BP paokha. Akayamba kukukakamizani mavitamini odula, mukane. Ndipo bambo musawatsutse pagulu. Muwauze kunyumba, atadya, kuti mwana uja akufuna aone mankhwala awo onse kuti asagule kawiri chinthu chimodzi. Mayi anga anavomera kunyamula jumbo ija nditawauza choncho.