Kodi Mangochi anayambitsa ndi azungu?

Sabata yatha bambo wina ananditumizira imelo. Akuti mwana wawo wauzidwa kuti tauni ya Mangochi inayambitsidwa ndi Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda achingelezi, ndiye akufunsa ngati kunalibe anthu mzunguyo asanabwere.

Bambo, anthu analiko, ambirinso. Pamene mtsinje wa Shire umatulukira m'nyanja ya Malawi kulowera ku Malombe panali Anyanja, asodzi ndi alimi, kalekale. Cha m'ma 1860 kunafika Ayao kuchokera chakum'mawa, ndipo mfumu Mponda inamanga mudzi waukulu kutsidya la kumadzulo kwa mtsinjewo.

Mponda sanasankhe malowo mwangozi. Apaulendo onyamula minyanga ya njovu, ndi akapolo omwe (tisabise), ankawolokera pamenepo polowera kugombe la nyanja ya mchere. Wokhala padooko ndiye ankati uyu adutse, uyu ayambe walipira. Livingstone anacheza kwa Mponda mu 1866, ndipo mu 1875 sitima ya amishoni ya Ilala inadutsa pakhomo pake popita ku Cape Maclear. Onsewa anapeza mudzi uli kale chilili.

Johnston anabwera mu 1891 ndi asilikali achi Sikh ochokera ku India, namanga linga kutsidya linalo, moyang'anizana ndi kwa Mponda. Ndilo linatchedwa Fort Johnston. Ankati akuthetsa ukapolo, ndipo sindikutsutsa, koma ine ndimaona kuti dookolo ankalifunanso. Ayao sanangogonja. Chaka chomwecho anthu a mfumu Makanjira anapha Kaputeni Maguire, mtsogoleri wa asilikali aja, ndipo mfumu Jalasi inakanika kugonjetsedwa mpaka 1895 pamene anamuchotsa paphiri la Mangochi. Dzina limene tauniyi inalandira titapeza ufulu n'laphiri lomwelo.

Patapita zaka zochepa, boma linasamutsidwira kumene kuli tauni lero, n'kukhala doko la sitima zapanyanja. Nsanja ya wotchi ija pafupi ndi mlatho inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pambali pake pali mfuti ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakawononga sitima ya Ajeremani ku Liuli, kugombe la ku Tanzania la nyanja ya Malawi.

Mwanayo mukamuuze kuti Johnston anamanga linga ndi boma, koma mudzi anaupeza. Mukadzapita naye kunyanja, mudzaime pamlatho wa Bakili Muluzi, aone yekha kufupika kwa tsidya ndi tsidya.