Mkazi wotsutsana ndi ansembe: yankho kwa mlembi wa ku Area 25

Ndalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Area 25 muno mu Lilongwe, amene akulemba buku lake loyamba m'Chichewa, ndipo wanditumizirako mitu iwiri yoyambirira. Nkhani yake ndi yopeka, yochitikira m'dziko losapezeka pa mapu, momwe mizimu imayankhula ndi anthu ndipo mvula imagwa pokhapokha ansembe akaipempha. Ansembe onse m'dzikomo ndi amuna, ndipo mkazi saloledwa kuponda m'kachisi ngakhale kutchula dzina la mulungu wawo. Mwininkhani ndi mkazi wosakwatiwa amene akukana malamulowa. Anzake amene awerengako akuti nkhani yotere ndi yachizungu, pomwe mayi ake akuopa kuti a ku tchalitchi adzati mwana wawo akunyoza Mulungu. Akufunsa ngati n'koyenera kupitiriza, ndiponso momwe angalembere kuti bukulo likhale lathu.

Achemwali, pitirizani kulemba. Amene akuti nkhaniyi ndi yobwera sakudziwa mbiri ya boma limene akukhalamo. Kufupi ndi mapiri a Dzalanyama kuli Msinja, kumene kunali kachisi wamkulu wa mvula wa Achewa, ndipo woyang'anira kachisiyo anali mkazi, Makewana. Iye anali wa mfunda wa Banda, ankatengedwa ngati mkazi wa Chisumphi (dzina lina la Chauta), ndipo sankakwatiwa ndi munthu. Tsitsi lake silinkametedwa, poti anthu ankakhulupirira kuti kulimeta n'kuimitsa mvula. Ankatumikiridwa ndi atsikana otchedwa Matsano, panalinso amuna audindo monga Kamundi ndi Tsang'oma, wosunga ng'oma yopatulika ya Mbiriwiri, ndipo mafumu a mfunda wa Phiri, ndi mphamvu zawo zonse, ankatumiza nsembe kwa mayiyu chilala chikavuta. Ku Khulubvi ku Nsanje nakonso, kachisi wa Mbona anali ndi mkazi wokhalamo, Salima, amene uthenga wa mzimu unkadzera mwa iye. Kuno kwathu mkazi woima pakati pa anthu ndi Chauta anakhalapo kale Azungu asanafike.

Mfundo imeneyi ndiyo ndikufuna muigwiritsitse, chifukwa ingasinthe msana wa buku lanu. M'mitu imene mwatumiza, mwininkhani wanu akuoneka ngati munthu woyamba kuganiza kuti mkazi angalowe m'kachisi, ndipo woŵerenga sakuuzidwa kumene maganizo ameneŵa wawatenga. Nkhaniyo ingalemere kwambiri atakhala kuti akufuna kubweza chinthu chimene chinalandidwa, chimene agogo aakazi amachikumbukira pang'ono chabe m'nyimbo za pamtondo, mwina osadziwanso tanthauzo la mawu amene akuimba. Mphamvu zotere sizitha tsiku limodzi. Kachisi wa ku Msinja anafooka m'zaka za m'ma 1800 chifukwa cha nkhondo za Angoni ndi malonda a akapolo. Kenaka anafika amishoni, amene anakhazikika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, ndipo m'mipingo yambiri ya nthawiyo guwa linali la amuna okha. Pulofesa Isabel Apawo Phiri anafufuza mozama za kusinthaku pakati pa amayi a Chichewa, ndipo ndikukulimbikitsani kufunafuna zolemba zake. Komatu musajambule kale lathu ngati paradaiso wa akazi. Ngakhale pa chikamwini, pomwe munda ndi ana zimatsata mayi, mwinimbumba woweruza nkhani ndi mwamuna, ndipo kudambwe mkazi sapitako, ntchito yake pa gule ikhala kuimba ndi kuomba m'manja. Kusakanikirana kumeneku, mphamvu pano ndi chiletso apo, ndiko kumapangitsa dziko lopeka kumveka ngati dziko lenileni.

Tsopano ndinene chimene chandivuta kwambiri poŵerenga. Ansembe anu onse ndi oipa mtima, adyera ndiponso onama, ndipo zikuonekeratu kuti mapemphero awo sagwira ntchito. Mukatero mwamuchepetsera ntchito mwininkhani wanu, chifukwa kutsutsa wonama wodziŵika sikufuna kulimba mtima kwenikweni, ndipo woŵerenga adzafunsa chifukwa chake mudzi wonse ukupusitsidwa kupatula munthu mmodzi. Popeza mukulemba nkhani ya zodabwitsa, muli ndi ufulu umene wolemba nkhani za moyo wa tsiku ndi tsiku alibe: lolani mvula igwedi ansembewo akapemphera. Lolani kuti kachisi asunge nkhokwe zimene zimadyetsa amasiye m'chaka cha njala, ndipo pakati pa ansembe pakhale mmodzi wokhulupirika, amene amagona ndi njala popempherera mudzi, mwinanso akhale malume ake a mwininkhani amene anamulera. Pamenepo mkaziyo akaswa lamulo, mitambo n'kubalalika, chimanga n'kuyamba kufota chitangomasula, mlandu umene anthu adzamuimbe udzakhala ndi maziko, ndipo iye mwini adzagona osaona tulo pofunsa ngati ana a mng'ono wake afe ndi njala chifukwa cha iye. Mkangano wotere ndi umene ungamugwire woŵerenga mpaka tsamba lomaliza.

Chinanso, m'dziko lanu akazi onse akulira ndipo amuna onse akulamula, koma moyo suyenda choncho. Takhalani pa maliro alionse ku Kawale kapena ku Chinsapo muone. Amayi ndi amene amachezera m'nyumba ya siwa usiku wonse akuimba, iwo ndi amene amatunga madzi ndi kutakasa nsima m'miphika ikuluikulu, ndipo a chigwirizano, atavala mabulauzi ndi maduku oyera, amanyamula nkhata ndi kutsogolera nyimbo. Koma ikafika nthawi ya zoyankhula, amene amaimirira kaŵirikaŵiri ndi amuna. Ndipo mtsikana akabwera wopanda chitenje, amene amayamba kumudzudzula si abusa kapena amfumu, koma mayi mnzake wokhala naye pamphasa. Chipembedzo cholamulidwa ndi amuna chimayenda pa mapazi a akazi, ndipo ambiri a iwo amachikonda moona mtima chifukwa chimawapatsa ulemu, chitonthozo ndi anthu odzawaika akadzamwalira. M'buku lanu mukufunika namkungwi amene amakhulupirira kuti akuteteza atsikana powaphunzitsa kugonja. Mayi ameneyo akhale wanzeru ndi wachikondi, ndipo kukangana kwake ndi mwininkhani kupweteke kuposa kukangana ndi mkulu wa ansembe.

Samalaninso ndi ufulu wa mkazi wanuyo. Mwamulemba wopanda mayi, wopanda mbumba, wopanda munda, akungoyenda yekha ndi mkondo, ndipo apa mpamene anzanu akumva fungo lachilendo. Kwathu kuno mkazi woima payekha amakhala ndi poimira: dimba lake, luso loumba mbiya, ntchito ya uzamba, kapena malonda a mchere amene amamufikitsa kumidzi ina kumene amaona kuti anthu amapembedza mosiyana. Tiuzeni chimene amadya ndi amene amamusungira mwana akapita kukayankha mlandu pabwalo. Chida chimene adani ake adzagwiritse ntchito mukuchidziŵanso, ndicho kumutchula mfiti. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti, komabe mpaka lero timamva za amayi okalamba omenyedwa ndi kuthamangitsidwa m'midzi pa mlandu womwewo. M'dziko limene matsenga ndi enieni, funso lakuti ndani amasiyanitsa mphamvu yopatulika ndi ufiti, ndipo amasiyanitsa pofuna kuteteza yani, lingathe kunyamula buku lonse.

Za malamulo a kavalidwe amene mwaika m'mutu wachiŵiri, simukusoŵa kuyang'ana kutali. Kuyambira 1973 mpaka 1993 lamulo la dziko lino linkaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo mu Januwale 2012, patapita zaka zambiri lamulolo litachotsedwa, amayi anavulidwa m'misewu ya Lilongwe chifukwa cha zovala zomwezo. Lamulo likafafanizidwa pa pepala limatsalabe m'mitu ya anthu, choncho musamalize buku lanu ngati kuti kugwa kwa mkulu wa ansembe kwathetsa zonse.

Nkhawa ya mayi anu ndi yomveka ndipo musaipeputse, chifukwa iwo ndi amene adzakhale pa benchi Lamulungu anthu akunong'onezana. Yankho lake lili m'kalembedwe komweko. Ngati mwininkhani wanu akulimbana ndi Mulungu, ambiri adzatseka bukulo. Koma ngati ali wokhulupirira amene akufunsa kuti anapatsa amuna okha makiyi a kachisi ndani, amayi ambiri a m'mipingo adzadziona mwa iye. Akazi otere mbiri ya Africa ikuwadziŵa: Kimpa Vita wa ku ufumu wa Kongo anatenthedwa mu 1706 ali wokhulupirira, mlandu wake unali wakuti analalikira mosemphana ndi amene anali ndi ulamuliro pa chipembedzo. Pangani chipembedzo chanuchanu, chokhala ndi mayina, miyambo ndi nyimbo zake, osati mpingo wina wodziŵika wongosinthidwa dzina, ndiponso musaulule zinsinsi za kudambwe kapena za kutsimba pofuna kukometsa nkhani, poti eni ake alipo ndipo adzakhumudwa ndi chifukwa chomveka.

Musanalembe mutu wachitatu, khalani pansi ndi amayi achikulire aŵiri kapena atatu, a kwanu kumudzi kapena a mumpingo mwanu, muwafunse zimene ankaletsedwa ali atsikana, amene ankawaletsa, ndi zimene iwo amaganiza lero za malamulowo. Mudzapeza kuti ena amawadandaula pomwe ena amawasoŵa, ndipo mawu a onsewo ayenera kumveka m'bukumo. Mukakonzanso mitu iwiriyi, aŵerengereni mayi anu mokweza musanaitumize kwa wina aliyense, kenaka munditumizire pamodzi ndi mutu wachitatuwo.